Namondwe Ali M'njira, Amuna Anga Akuti Tikakwere Njoka

Aphungu,

Kalata iyi ndayilemba katatu, kawiri konse ndinafufuta. Ndine mayi wa zaka 36, mphunzitsi wa jogalafe pa sekondale ina kuno ku Ruskin, m'mphepete mwa nyanja ku Florida. Ntchito yangayi ndaitchula dala, kuti mukamandiseka mundiseke mokwanira. Chaka chilichonse sukulu ikangotsegulira, ndimaima pamaso pa ana makumi atatu n'kuwajambulira pa bolodi mmene namondwe amakankhira nyanja kumtunda. Ndimawauza kuti mphepo umaibisalira, koma madzi umawathawa. Ana amalemba. Ambiri amakhoza mayeso ake. Amene analephera ndi mphunzitsi wawo.

Ndinakwatiwa zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo ndi Garrett Tuggle, wokonza makina oziziritsa m'nyumba. Ndi munthu wabwino mtima, wansangala, amene saona chifukwa chodandaulira chinthu chomwe sichinachitike. Mwina n'chimene ndinamukondera, poti ine ndimadandaula ngakhale zomwe sizidzachitika n'komwe.

Banja la kwawo lili ndi mwambo. Wailesi ikalengeza kuti namondwe watsala tsiku limodzi, pamene anthu ena akukhoma matabwa m'mawindo ndi kulimbirana mabotolo a madzi m'sitolo, a Tuggle amavala malenikoti apulasitiki, n'kudzazana m'pikapu, ulendo wa ku paki ya masewero kufupi ndi Orlando. Chifukwa chake n'chakuti alendo onse amakhala atathawa. Kumeneko kuli kasitima kothamanga m'mwamba, kozondotsa anthu kasanu, komwe amakatcha Njoka. Masiku onse mzere wake umaima maola awiri. Tsiku loti mawa kubwera namondwe umangofika n'kukwera. Akatopa amajambulitsa pansi pa chikwangwani chosonyeza kuti kudikira n'kwa mphindi zisanu zokha, chithunzicho n'kuchilemba dzina la namondweyo. Pabalaza pa apongozi anga ku Plant City, pakhoma pomwe anthu ena amakolekapo za ukwati ndi za digiri, pali zithunzi zimenezi khumi ndi zinayi.

Mwini mwambo ndi apongozi anga aamuna, a Lamar. Iwo ali ndi chiphunzitso chawo, ndipo anandilalikira chaka choyamba chomwe. "Aphunzitsi, pindani mapu anuwo. Anthu a paki ali ndi akatswiri a zanyengo awoawo, ophunzira kuposa a pa wailesi. Geti likakhala lotsegula, ndiye kuti namondwe kulibe. Tsiku lomwe adzatseke geti lija mudzandiuze, ndidzayamba kupemphera." Onse anaseka. Inenso ndinaseka, poti ndinali mlendo ndipo m'kamwa munali chitumbuwa chawo.

Mayi anga, a Noreen, ali ndi zaka 74. Amakhala okha m'nyumba ya kalavani pa kachilumba kuseri kwa mlatho, pomwe ukaponya mwala kuchokera pakhomo umagwera m'nyanja. Ndi dera A, loyamba kusamutsidwa. Sayendetsanso galimoto chifukwa cha maso, ali ndi matenda a shuga, ndipo ali ndi mphaka wokalamba dzina lake Bisiketi. Mwana ndine ndekha.

Chaka chatha kunabwera namondwe Lavinia. Ankati afika Lachinayi m'mawa, kumpoto kwathu. Lachiwiri madzulo boma linalamula kuti a dera A asamuke. Lachitatu m'mawa ndinauza Garrett kuti tiyambe tatenga amayi. Iye anali atavala kale chipewa chake cha mano a ng'ona. Anati, "Iwe, amayi akakhala pati tsiku lonse? Pa benchi? Tikakwere kaye, 2 koloko tabwerako, tiwatenge, tonse tikagone kwa adadi. Ndi wa nambala 2 chabe ameneyu, wongothyola nthambi." Ndinkadziwa kuti nambala ya namondwe imanena za mphamvu ya mphepo, osati za madzi. Ndinali nditaphunzitsa zimenezo Lolemba lomwelo. Koma mawuwo atafika pakhosi anandimvekera ngati a munthu wodzionetsa kuti anapita ku yunivesite, ndiye ndinawameza. Ndinaimbira amayi kuti akhale okonzeka 2 koloko. Iwo anati, "Ndakonzeka kale, mwana wanga. Bisiketi ndamuika m'bokosi mwake, akunditukwana."

Ku paki kunali mitambo yolemera, kamvula kofunda, nyimbo zikulira ngati dziko lili pamtendere. Ndinaona antchito akumanga mabini a zinyalala ku mizati ndi zingwe, ena akutsitsa maambulera ndi zikwangwani. Ndinanong'oneza a Lamar kuti aone. Anati, "Umenewo ndi ukhondo, aphunzitsi. Anthu awa ndi aukhondo."

Tsono Aphungu, apa ndi pomwe ndinafufutira kalata kawiri konse. Ndinasangalala. Ulendo woyamba ndinatsinzina. Wachiwiri ndinatsegula diso limodzi. Pofika wachitatu ndinali ndikukuwa, manja m'mwamba, ine amene kusukulu ana amandipempha kuti ndikwezeko mawu. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zisanu apongozi anga anandimenya paphewa n'kunena kuti, "Uyu tsopano ndi Tuggle!" Sindikubisirani, zinanditsekemera.

Cha m'ma 12 foni inalira ndi uthenga woti Lavinia wakhotera kummwera ndipo wawonjezera liwiro. Ndinaonetsa Garrett. Anati, "Kamodzi kokha, kotsiriza." Maulendo otsiriza anakwana anayi. Kenako kujambulitsa. Kenako a Lamar anafuna mwendo wa nkhukundembo wowamba, ati munthu sangayende ndi njala pa nyengo yoopsa ngati imeneyi. Nthawi yomwe tinkayenera kufika kwa amayi ndi yomwe tinkatuluka pa geti.

Mu thanki munali petulo wosakwana kufika. Malo onse omwetsera mafuta tinkapeza mapampu atavekedwa majumbo achikasu. Titapeza amodzi otsegula, mzere womwe tinauzemba ku Njoka tinakaupeza pamenepo, ndipo unali wa ola ndi theka. Ndinkaimbira amayi, foni osalowa. Tinafika pa mlatho 5 koloko itadutsa, mvula ikugwa chopingasa, apolisi atatchinga njira. Wapolisi wamkazi anaweramira pawindo n'kunena kuti, "Mayi, mlathowu tatseka 4 koloko. Munali kuti?" Kenako anayang'ana lenikoti langa lokhala ndi chithunzi cha ng'ona yomwetulira, n'kuyang'ana chipewa cha Garrett, n'kuyang'ana fupa la nkhukundembo pa dashibodi. Anatilozera kuti tibwerere.

Zotsalazo ndinamva kwa a Hollis Crews, bambo wachikulire woyandikana ndi amayi, amene kale ankagwira nkhanu ndi boti lake. Amayi anakhala pa masitepe kuyambira 1 koloko, chikwama pamiyendo, mankhwala a shuga ali m'kabokosi ka ayezi, mphaka pambali. Basi ya boma yotenga okalamba inadutsa, dalaivala n'kuima, iwo n'kumubweza kuti, "Pitani bambo, mwana wanga akubwera." A Hollis anali omalizira kuchoka pa chilumbapo. Anandiuza kuti, "Ndinawauza kuti a Noreen, mukwera nokha kapena ndikunyamulani ngati thumba la nyambo, sankhani." Anawoloka mlatho kutatsala mphindi khumi kuti autseke. Amayi anagona masiku atatu pa kabedi ka nsalu m'holo ya sukulu. Madzi analowa m'kalavani mpaka m'chiuno. Zithunzi za malemu bambo, makalata awo, makina osokera, zonse zinasanduka phala. Sindikunena kuti ndikanaletsa nyanja. Koma zonsezo zikanakwana kumbuyo kwa pikapu.

Nditawapeza m'holomo sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zitatha. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana Garrett, n'kufunsa kuti, "Munakwera kangati?" Ndipo ine, mphunzitsi wozolowera kuti funso lililonse lili ndi yankho, ndinati, "Ka 11." Mpaka lero ndimadzifunsa kuti ndinayankhiranji.

A kutchalitchi anathandiza kukonza kalavani, amayi anabwereramo. Timachezerana Lamlungu lililonse. Amandipangira tiyi wozizira, amafunsa za ana a kusukulu, za Lavinia satchula. Ndinkayesa kuti bala linapola. Lamlungu lapitali ndikutenga ayezi ndinaona fomu itamatidwa pa chitseko cha filiji. Ndi ija amalembetsa okalamba ndi odwala kuti basi ya boma idzawatenge namondwe akabwera. Pamzere wakuti "Wachibale amene angadzakutengeni" analembapo ndi dzanja lawo kuti "Palibe." Pa nambala ya wowadziwa anaikapo ya a Hollis. Nditafunsa anati, "Usakwinye nkhope, si mkwiyo. Fomu imafuna zoona. Komanso basi ija imasunga nthawi." Atatero anandifunsa ngati ndikufuna ndimu mu tiyi.

Pano kukubwera namondwe wina, Gideon. Akuti Loweruka, ndipo kachilumba ka amayi kali pakati penipeni pa njira yomwe akumujambulira. A Lamar aimba kale foni. Ati chithunzi cha 15 chikugwera sabata yomwe akukwanitsa zaka 70, ndiye aliyense wotchedwa Tuggle akaonekere Lachisanu. Nditauza Garrett za fomu ija anakhumudwa ndithu, anayenda uku ndi uku m'khitchini, kenako nkhope inawala. Anati, "Ndapeza! Chaka chino tiwatenge amayi. Tikawabwerekera njinga ya odwala, azikaonerera. Mphaka timusiya m'galimoto, titsitsako windo pang'ono." Ananena zimenezi ndi mtima woyera, Aphungu, ndipo n'zimene zikundisokoneza. Nditakana anati, "Palibe anamwalira, iwe. Adadi apita ka 14, abwerako ka 14. Iwe mphunzitsi, werenga wekha."

Ndiye ndikufunsa. Kodi ndikukuza nkhani? Mwina paki ilidi kumtunda, ndipo kupita kumeneko n'kusamuka ndithu monga a Tuggle amanenera. Mwina amayi ali bwino ndi basi yawo kusiyana ndi mwana wosadalirika. Ndikuopa kukana apongozi pa tsiku lawo lobadwa n'kubwerera pa umlendo. Koma chomwe ndikuopa kwambiri, kuposa Gideon, n'chakuti ndikafike pakhomo pa amayi ndi galimoto, iwo n'kundiuza mwaulemu, a Hollis akumva, kuti akudikira basi. Ndifuna dzina langa libwerere pa mzere uja. Ndichite bwanji?

Pa chithunzi cha Lavinia ndili pakati, ndikuseka mano onse. Pakona pake makina anadindapo nthawi: 1:40.

D. N. T., Ruskin

Aphunzitsi D. N. T.,

Kalata yanu ndaidumphitsa pamwamba pa makalata ena makumi anayi, poti ndamva kuti banja lanu silikondana ndi mizere.

Tiyambe ndi mneneri Lamar ndi geti lake. Mwagwera munthu wolakwika, chifukwa ine ndisanayambe kulemba pano ndinagwira zaka zisanu ndi zinayi pa paki ngati imeneyo. Zaka zitatu ndinkavala chigoba cha ng'ona n'kumagwedezera ana mchira, thukuta likuyenderera mpaka m'nsapato. Zotsalazo ndinkayendera malamba a okwera sitima. Ndiye ndikuuzeni zomwe geti lathu linkatanthauza. Linkatsegulidwa chifukwa m'mahotela munali alendo omwe ndege zawo zaimitsidwa, ndipo mlendo wopanda chochita amayamba kufunsa mafunso. Akatswiri athu a zanyengo analipodi, ndipo anali anzeru. Koma funso lawo linali limodzi: kodi mphepo ya m'kati mwa mpanda wathu yafika poimitsa sitima? Pa zaka zonsezo sindinamvepo mmodzi wa iwo akufunsa za kalavani ya mayi wina pa kachilumba mamailosi makumi asanu ndi atatu kumadzulo. Si ntchito yawo. Apongozi anu akuyeza kuya kwa nyanja ndi ndodo yomwe aizika pa phiri.

Ndipo anthu ngati a Tuggle tinkawadziwa. Tinkawatcha alendo a mabini, chifukwa ankalowa ife tikumanga mabini. Tinkawamwetulira poti kumwetulira kunali pa ntchito. Mtsikana amene anayendera lamba wanu ka 11 uja nayenso ali ndi mayi, ndipo mawindo a kwawo anali asanakhomedwe. Ankawerenga maulendo anu mumtima bwino kuposa inu.

Za masamu a amuna anu, auzeni kuti munthu wowoloka msewu atatsinzina ka 14 sakhala katswiri wa zapamsewu. Amakhala munthu amene madalaivala 14 anamupondera buleki. Komanso kuwerengako n'kolakwika. Ulendo wa 14 sunayende bwino. Kungoti amene anaulipira sali pa chithunzi. A Lamar nyumba yawo ili ku Plant City, pouma, pomwe namondwe akakwiya kwambiri amagwetsa mpanda wa nkhuku. N'kosavuta kulimba mtima uli pa chitunda. Kulimba mtima kwawoko kukuika pachiswe khosi la anthu ena.

Tsopano inu. Kalata yanu ndi yokoma, yoona, ndipo yadzaza Garrett, petulo, ndi mwendo wa nkhukundembo. Chotsani zonsezo muone chotsala. Amene anaimba foni n'kunena 2 koloko si a Lamar. Amene anali ndi mapu m'mutu ndi uthenga m'manja 12 koloko si Garrett. Munameza mawu poopa kuoneka wophunzira. Akuluakulu amati mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma mbewa yanuyi ndi yamwayi: iyo inali m'mwamba ikukuwa, kuuna kunatsala mayi ake. Digiri imene mumaibisa pa tsiku lokhalo lomwe ikufunika ili ndi ntchito yanji? Ana a kalasi yanu akadakhala m'pikapumo akanakudzudzulani ndi manotsi anu omwe.

Kusangalala pa Njoka si tchimo, musadzizunze nazo. Sitimayo inapangidwira zimenezo, ndipo munthu wofatsa ngati inu ayenera kukuwako nthawi zina. Ili pompo chaka chonse. Mudzapite mu Febuluwale, mudzaime pa mzere maola awiri ngati munthu, mudzakuwe mpaka mawu atathe. Tchimo linali kusangalala pa nthawi yomwe munali mutaipereka kale kwa munthu wina.

Fomu ija musaikhudze. Musawapemphe kuti afufute, musalire pa filiji, musawabweretsere ina yatsopano. M'nkhani yanu yonse, pepala limenelo ndi lokhalo lomwe likuganiza bwino. Mayi wa zaka 74 amene anabweza basi chifukwa chokhulupirira mwana wake waphunzirapo kanthu, ndipo inu monga mphunzitsi muyenera kulemekeza wophunzira wotero. Dzina silibwerera pa mzere umenewo ndi cholembera. Ndipo dziwani kuti mwina silidzabwereranso. Mwina mpaka kumanda fomu yawo idzati "Palibe," inu mukuwatenga chaka ndi chaka. Ngati mukufuna dzina pa pepala kuposa mayi pouma, ndiye kuti vuto lanu ndi lina.

Chochita n'chosavuta, kungoti n'chotopetsa. Lero lomwe, mukangomaliza kuwerenga pano, kadzazeni thanki ya galimoto yanu. Ndati yanu, osati pikapu ya banja, ndipo makiyi akhale m'thumba mwanu. Munthu wopanda makiyi amavotera kamodzi kotsiriza ngakhale asakufuna. Pezaninso malo kumtunda olandira mayi ndi mphaka, okhala ndi filiji ya mankhwala. Kaya ndi kwa mphunzitsi mnzanu, kaya hotela, kaya kwa apongozi komweko ngati amayi angathe kugona moyang'anizana ndi khoma la zithunzi lija. Ine ndikadakhala iwo sindikanatha.

Mupite Lachitatu, lamulo losamuka lisanatuluke, misewu idakali yopuma. Musaimbe foni yotchula nthawi. Pakamwa panu nthawi inatha mtengo. Mudzaimbe muli kale pakhomo, injini itazima. Mutenge makatoni, ayezi, ndi tepi, n'kufunsa funso limodzi: "Amayi, ndi ziti zomwe simukufuna kuti zinyowe?" Kenako nyamulani zomwe akuloza, ngakhale zitakhala mabatani a m'chitini. Musawaphunzitse jogalafe.

Pakati pa kunyamulako mupepese. Kamodzi, mwachidule, osatchula Garrett, osatchula petulo. "Ndinakuuzani 2 koloko, sindinabwere, ndinalakwa." Zatha. Mwacheza nawo Lamlungu makumi asanu mukumwa tiyi pamwamba pa nkhaniyi, aliyense akudikira mnzake. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo amene akubuula ndi inu.

Nanga akakana kukwera? Angakane ndithu, ndipo ufulu ali nawo. Mukuti mukuopa manyazi pamaso pa a Hollis. Aphunzitsi, a Hollis anakuonani kale pa tsiku lanu loipitsitsa, palibe chatsopano chomwe angaone. Amayi akati akudikira basi, nenani kuti chabwino, katundu apite ndi galimoto, inu mukhale nawo mpaka basiyo ibwere, kaya ndi Lachitatu kaya Lachisanu. Ikabwera muwakweze, muitsatire pambuyo, mukayale bulangeti pansi pafupi ndi kabedi kawo m'holo ya sukulu. Munthu amatha kukana kutengedwa. Kukana kutsatiridwa n'kovuta. A Holliswo muwapititsire chitumbuwa, ndipo muwathokoze ndi pakamwa, chifukwa ndikukayika ngati munatero.

Amuna anu musawapemphe chilolezo, muwadziwitse. "Lachitatu ndikupita kwa amayi, ndibwera Gideon akadutsa. Mawindo a nyumba yathu akudikira iwe." Mukatero khalani chete, poti ndi luso lomwe muli nalo kale. Sindikunena kuti ndi munthu woipa. Koma bambo amene ntchito yake ndi kuziziritsa nyumba za anthu, n'kumaganiza zosiya mphaka m'galimoto mu Sepitembala ku Florida, akufunika kuti wina amuzimitsire nyimbo za ku paki m'mutu kwa mphindi zisanu. Nzeru yake yoika apongozi ake pa njinga kuti azionerera ikusonyeza kuti iye akuona ngati amayi anakwiya chifukwa sanaitanidwe. Mufotokozereni kamodzi. Akasankha nyundo ndi matabwa, muli ndi mwamuna. Akasankha chipewa cha mano, mudzandilembere kalata ina, koma imeneyo idzaima pa mzere.

A Lamar atumizireni khadi labwino la tsiku lobadwa. Ngati u-Tuggle umathera pa kusaoneka pa chithunzi chimodzi, ndiye kuti sunali ubale, inali tikiti ya tsiku limodzi.

Chenjezo langa ndi ili, ndipo mulisunge kuposa zonse ndanenazi. Gideon akhoza kukhota. Anamondwe amatero, inu mukudziwa kuposa ine. Loweruka likhoza kucha ndi dzuwa, mbalame zikuimba, kalavani ili youma ngati fupa. Tsiku limenelo ndilo loopsa kwa inu. A Tuggle adzabwera ndi chithunzi chawo akuseka, a Lamar adzati, "Nanga aphunzitsi, namondwe wanu uja wakafikira kwa yani?" Ngakhale amayi anu adzang'ung'udza kuti mwawanyamulitsa mabatani pachabe. Ndipo kamawu kanu kam'kati kaja kadzayambanso kuti mwina ndinakuza nkhani. Musakamvere. Masulani makatoni, bwezerani chilichonse pamalo pake, kadzazeninso thanki. Kubwera kamodzi chifukwa cha manyazi aliyense angathe, ndipo amayi anu akudziwa zimenezo. Iwo sakuyang'ana Gideon. Akuyang'ana wotsatirayo, wa mu Okutobala, kuti aone ngati mudzabwerenso anthu atakusekani.

Aphungu